Mwini Maliro Ndine

Amene andikankha kuti ndiime pano ndi Mayi Zimba, aphunzitsi a Sitandade 3 pa sukulu yathu ya Akatolikayi, awo akhala apowo akunamizira kukonza mpango. Andivutitsa kuyambira nthawi yokolola. "Anachisale, kauzeni anthu. Anachisale, nkhani ija musafe nayo." Ine ndimati, aphunzitsi, sukulu ndinalekeza Sitandade 5, mano akutsogolo kulibe, mawu amatuluka ndi mphepo. Iwo akuti anthu amva choncho. Chabwino, ndaima. Koma ndineneretu: sindinabwere kudzalira. Amene mwabwera kudzandimvera chisoni mwachedwa, chisonicho chinkafunika kale. Ndikuyankhula ndi inu amene mukugona m'makonde, ndi inu amene m'mawa uno mwayamba ndi toti ya kachasu musanasukusule. Ndakuonani. Fungo limenelo ndimalidziwa kuposa fungo la sopo.

Ine ndinali mayi wapanyumba ngati amayi ena onse. Ndinakwatiwa chitengwa, ndiye kuti amuna anga a Lusiyano ananditenga kwathu kumapiri n'kukandikhazika kumudzi kwawo, cha ku Mtakataka. Tinkalima mpunga ndi chimanga. Ndinkaimba kwaya, alito, ndipo musaseke, mano analipo nthawi imeneyo. Ana tinabereka, koma Mulungu anawatenga adakali aang'ono. Wamwamuna yekha ndiye anakula, anapita ku Joni, n'kutheratu, ngakhale ka foni. A Lusiyano atamwalira, titangometa, alamu anga anabwera mwaulemu kwambiri, atavula chipewa. "Alamu, mwatisungira m'bale wathu, zikomo. Tsopano mukapume kwanu." Munda ndi wa mbumba yawo, nyumba ili pa malo awo. Kupuma kwake kumeneko.

Kwathu ndinakapeza amayi anamwalira kale, minda ana a achemwali anga anagawana. Anandipatsa kakhitchini kogona ndi mbuzi. Ndinayamba kutcheza kachasu kuti ndizigulitsa. Wotcheza amalawa, si choncho? Ndinalawa. Kenako ndinkalawa kwambiri kuposa kugulitsa. Mapoto anapita, bulangete linapita, chitenje cha mpingo chinapita, chija chokhala ndi nkhope ya Amayi Maria. Ana aja anatopa nane, ndipo sindiwanena, inenso ndikanatopa. Ndinatsika kudzafuna ganyu wowokera mpunga ku Bwanje, ganyu anatha, ine sindinakwerenso kumapiri. Ndinapezeka ndikugona pakhonde la chigayo cha mpunga pa Golomoti, pa katoni. Ndi mmene zimathamangira. Ukamatsika suona n'komwe kuti ukutsika.

Pakhondepo ndinapeza mnzanga, Esinati. Anthu ankamutcha wamisala wa pachigayo, koma misala yake inali yongoyankhula yekha basi. Mowa sankamwa. Kwawo sankanena. Ukamufunsa ankangoti, "Kwathu kunapita ndi madzi, achemwali," n'kutembenukira kukhoma. Iyeyo ndi amene anandiphunzitsa ntchito ya pachigayo. Mukudziwa mulu wa madeya umene umatayidwa kuseri kuja? Ukaupeta bwinobwino ndi lichero umapezamo timpunga tosweka. Tsiku lonse ukupeta, fumbi m'maso, m'mphuno, thupi lonse kuyabwa, madzulo wapeza kodzaza mbale. Esinati ankasunga take m'kathumba. Ine tanga tinkathera kwa Anamaseko, mayi wogulitsa kachasu kuseri kwa msika, amene ankalandira mpunga m'malo mwa ndalama.

Tsono Lachisanu lililonse kunkabwera amayi a pasukulu pano. Ndi amayi aja amaphikira ana phala m'mawa. Mayi Zimba anawauza kuti Lachisanu aziwonjezera madzi ndi ufa pang'ono, ndowa imodzi izipita kwa ogona panja. Ine ndikangoona ndowa ija ikuwoloka msewu, ndinkathawira kuseri kwa madeya. Ena mwa amayiwo ndinaimba nawo kwaya pa zikondwerero ku Mua, andione ndili chonchi? Tsiku lina anandipezerera. Ndinawatukwana. Ndinati, tengani phala lanu la madzimadzilo, mukufuna kukwera kumwamba popondera pamsana panga? Mayi Zimba anangoti, "Lamadzidi lero, amayi, soya watha." Basi. Sanandilalikire. Zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinali nditakonzeka kukangana. Esinati ankalandira, n'kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kugawa pakati, theka n'kundisungira pa chivindikiro cha poto.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinasiya zaka zonsezo, ndipo nonse mukudziwa kulemera kwake: ndinasiya kupita ku maliro. Ndikaona masamba aikidwa pamsewu, ndinkalambalala. Kuno kwathu wosapita ku maliro a anzake, tsiku lake adzukulu amakhala pansi, makasu ataimika. Ndinkadziwa. Ndinkangoti ndikadzafa sindidzamva.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, imene pa Golomoti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Esinati anali atatsokomola nthawi yaitali. M'mawa wina ndinadzuka thupi likunjenjemera, likufuna zake. Timpunga tanga tinali titatha. Ndinayang'ana kathumba ka Esinati, kanali katafika pakati, iye atakatsamira. Ndinati ndimupemphe mbale imodzi ndikathamangire kwa Anamaseko. Ndinamugwedeza. "Esinati. Iwe Esinati." Phewa linali lozizira, kunja kukutentha chonchija.

Anthu anasonkhana. Mwini chigayo anaitana apolisi, anabwera ndi munthu wa kuchipatala, anamuona, anati ndi matenda, palibe mlandu. Wapolisi anafunsa, "Abale ake ali kuti?" Anati ngati palibe mwini, galimoto ikapezeka mtembo upita kuboma, ukadikira kumeneko, ndipo akapanda kubwera munthu akaika ndi akaidi. Sananene mwankhanza ayi, ndi mmene zimakhalira. Koma ine mawu amenewo anandilowa ngati munga. Akaidi. Popanda nyimbo, popanda wotchula dzina. Ndinayang'ana katoni yanga pambali pa katoni yake. Ndinaona galimoto yomweyo ikubwereranso kudzatenga ine.

Wina anathamangira kusukulu. Mayi Zimba anasiya ana m'kalasi, anabwera choko chili m'manja, pambuyo pawo a Mbewe, atcheya a tchalitchi chathu, amenenso amayang'anira manda a mpingo ndi adzukulu okumba. A Mbewe si munthu woipa, ndinene pamaso pawo, ali pompano. Koma malamulo amawakonda ngati ndiwo.

Mayi Zimba anati, "Atcheya, munthuyu timudziwa, takhala tikumudyetsa. Tikamuike ku manda a mpingo wathu."

A Mbewe anapukusa mutu. "Aphunzitsi, kudyetsa ndi kwina, kuika ndi kwina. Anabatizidwa? Mphakati umene ankapempherako ndi uti? Anapitapo pa maliro a yani? Ndipo zonsezo tizisiye. Mwini maliro ndani? Adzukulu sakumba popanda mwini. Adzaloza malo ndani? Adzasambitsa ndani? Adzawadyetsa ndani? Mawa abale akatulukira n'kumati munaika munthu wathu ngati galu, adzayankha ndani?"

Mayi Zimba anati ayankha iwo. A Mbewe anati, "Inu ndinu a ku Mzimba, boma likakusamutsani mawa titsala ndi ife. Ndiponso simunagonepo naye nyumba imodzi, simunadyepo naye mbale imodzi. Umwini wa maliro sachita kubwereka."

Anthu onse anayang'ana pansi. Amayi a phala anayang'ana pansi. Ine ndinali nditakhala pa madeya, tsitsi lili mbuu, chitenje chong'ambika. Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Mayi Zimba amati ndi Mzimu Woyera. Ine ndimati unali mkwiyo. Mwina Mzimu Woyera amagwiritsanso ntchito mkwiyo akasowa china.

Ndinati, "Mwini maliro ndine."

Wina anaseka kumbuyo. A Mbewe anati, "Mayi inu, khalani pansi, pano tikukamba zenizeni."

Ndinati, "Abambo, mwanena nokha. Kugona nyumba imodzi: khonde ili, katoni iyi ndi iyo. Kudya mbale imodzi: chivindikiro ndi ichi. Za ubatizo sindinaone, sindinama. Ndinaona akuchita mtanda asanadye, tsiku lililonse, chimene ena a m'kwaya amaiwala. Amanditcha achemwali. Inu amakutchani chiyani?"

"Nanga adzukulu muwadyetsa chiyani? Madeya?"

Ndinasolola kathumba kaja pansi pa mutu wa Esinati, kaja ndinkafuna kukapereka kwa Anamaseko. Ndinakaika pamapazi pawo. "Mpunga uwu. Wosweka, koma ndi mpunga. Wapeta yekha mwiniwake."

A Mbewe anakayang'ana. Kenako anandiyandikira, ndipo ndinadziwa chimene ankachita, ankanunkhiza. Anati, "Mwini maliro saledzera. Ndikangomva fungo, pa manda kapena panjira, makasu ndiimitsa pomwepo, dzenje lifike m'chiuno kapena m'mawondo. Mwamva?"

Ndinati, "Nunkhizani mpaka mphuno itope."

Kunena n'kosavuta. Dzuwa litakwera, thupi linayamba kundilanga. Thukuta lozizira, mseru, manja akuvina okha. Tinamunyamulira Esinati kuseri kwa khitchini ya sukulu, amayi anatchinga ndi zitenje, anabweretsa beseni ndi sopo. Mwini ndiye amayamba kusambitsa. Ndinagwira kansalu, kanagwa. Ndinagwiranso, madzi anatayikira. Ndili pakati pa zimenezo, ndinamva wina akundiitana kumpanda, "Anachisale, psst." Anamaseko. Anali atabisa kabotolo m'chitenje. Anati, "Pepani ndi maliro, anzanga. Imwani kamodzi kokha manja akhazikike, simungasambitse munthu chonchi. Ndabweretsanso ndimu, mukatafuna khungu lake palibe amve."

Anthu inu, sanabwere mwa usatana ayi. Anabwera mwachifundo, chifundo chimene iwo ankachidziwa. Ndipo kabotolo kaja ndinakafuna kuposa mmene ndinafunira chinthu chilichonse, kuposa mmene ndinafunira a Lusiyano tili achinyamata. Ndinafika pampanda. Ndinakagwira ndithu, kanali kofunda. Kumanda, kutsidya kwa bwalo la mpira, makasu ankamveka, gu, gu, nthaka youma ngati simenti. Ndinamvetsera makasu aja. Ndinati mumtima, a Mbewe akudikira chimenechi. Akufuna adzanene kuti ndinanena ine. Ayi. Lero ayi. Ndinakabweza. Ndinati, "Anamaseko, ngati mwabweradi pa maliro, lowani mudzandigwirire beseni." Ndipo analowa! Anagwira beseni, kabotolo kali m'chiuno, mpaka tinamaliza. Manja anga sanasiye kunjenjemera. Ndinamusambitsa choncho. Ndinamuchotsa madeya m'tsitsi, m'makutu, ndinamudzoza mafuta. Anali mkazi wokongola, anthu inu. Palibe amene anali atamuyang'anapo.

Bokosi ndiye ndikuuzeni, museke pang'ono. Ahedi anatsegula chipinda chimene amasungiramo madesiki othyoka, bambo wina wa kalipentala amene ana ake amaphunzira pano anakhoma matabwawo. Tsono madesiki a ana mukuwadziwa. Pa chivindikiro, cha kumutu, panali polembedwa ndi msomali kuti "Yohane ndi mbuzi." Akalipentala anayesa kupala, osachoka. Akatekisiti powaza madzi odalitsa anaona, anatsokomola, anapitiriza. Yohane ameneyo, kaya ali kuti, adziwe kuti dzina lake linatsogola.

Malo ndinali nditaloza ine, pansi pa mtengo wa mtondo. Mpunga uja amayi anaphika, anawonjezera nyemba zawo, adzukulu anadya osadandaula. Ana a Sitandade 8 anaimba. Itafika nthawi yoti mwini maliro ayankhule, a Mbewe anandiyang'ana, mphuno ili patsogolo. Ndinaima pafupi nawo dala. Ndinati, "Uyu ndi Esinati. Kwawo kunapita ndi madzi. Anali mng'ono wanga. Zikomo nonse mwabwera." Ndinaponya dothi loyamba. Basi.

Tsono mwambo uli ndi mchira wake umene ine sindinauganizire. Mwini maliro amakhala pansi masiku angapo, anthu n'kumabwera kudzapepesa. Adzapepesa kuti? Pachigayo? Mayi Zimba anati, "Atcheya, lamulo ndi lanu lomwe. Mwini maliro akhale pati?" A Mbewe anakanda mutu, anapereka kiyi wa kachipinda kosungiramo nkhuni. Anayala mphasa. Ndipo amayi a mphakati anayamba kubwera, awiriawiri, kugwada pakhomo. "Pepani, Anachisale." Kukhala nane. Zaka zonse zija anthu ankandiponyera zinthu ataima. Tsopano akukhala pansi, miyendo atatambasula, kukamba za mitengo ya feteleza. Ungatuluke bwanji kupita kwa Anamaseko anthu akubwera kudzakupepesa? Masiku amenewo ndinadwala koopsa, ndinkaona nyerere pakhoma pomwe palibe nyerere. Ananditengera kuchipatala pa njinga ya kabaza. Ndipo mumve bwino inu akumwa kwambiri: musasiye muli nokhanokha m'chipinda, thupi limatha kukugwetsani. Pitani kuchipatala, nenani zoona, adokotala amva zoposa zanuzo.

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Khirisimasi ili pafupi, sukulu isanatseke, nditayamba kale kuthandiza kusonkha moto wa phala, ndinagwa. Ndinapita kumsika ndekha, ndili ndi kandalama ka ganyu m'manja, miyendo inakhota yokha. Anandipeza m'ngalande. M'mawa mwake Mayi Zimba anabwera, ine ndafunda kumutu ndi manyazi. Anati, "Amayi, nkhuni zanyowa, moto ukukana, ana afika posachedwa. Dzukani." Ndinadzuka. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira zanga. Kumsika sindipita ndekha, ndipo njira ya kuseri ija sindidutsa ngakhale ndi yachidule. Ganyu ndimati andilipire ufa kapena sopo. M'mawa ndimadya kaye, chifukwa njala ndi ludzu la mowa zimabwera zitavala malaya ofanana. Chilakolako chikandigwira, chimabwerabe mpaka lero, sindikhala chete, ndimapita kwa munthu n'kunena mokweza kuti lero chandigwira. Chikamva dzina lake chimachita manyazi. Ndinakalapa kwa abambo mfumu, ndinayambanso kulandira Ukalistia. Ndipo maliro aliwonse ndimapita, a Mkatolika, a Msilamu wa kunyanja, a wakudambwe, ndimakatunga madzi.

Pano ndimaphika phala la ana. Makolo ena anakana poyamba, anapita kwa ahedi, akuti chidakwa cha pachigayo chisagwire chakudya cha ana athu. Ndinapita ku msonkhano wawo osaitanidwa. Ndinati, chidakwacho ndine, ndabwera. Amene akufuna kudzuka m'mamawa kudzasonkha moto m'malo mwanga aimike dzanja. Manja onse anali pa mawondo. Mpaka lero alipo ena amene ndikamadutsa amakokera ana awo pafupi. Akokereni. Phala adya langa lomwelo.

Lachisanu ndowa ija ndimasenza ine. Ndipo sindiponya chakudya nditaima, ndimakhala pansi pakhondepo. Akanditukwana ndimati, tukwanani bwino, ine ndinkatukwana kuposa pamenepo. Ndimawafunsa dzina lenileni, la makolo, ndi mudzi, pang'onopang'ono, mwina miyezi, mpaka anene. Mkulu wina tinamupezera abale ake ku Ntcheu ali moyo, anabwera kudzamutenga akulira. Ena angapo anatisiya opanda wowadziwa, ndipo a Mbewe safunsanso kuti mwini ndani. Amangotuma uthenga: kauzeni Anachisale, m'bale wawo wina wapita. Abale anga achuluka, ine amene anandiuza kuti ndikapume kwathu.

Mwezi wathawu pa mphakati ndinawafunsa pamaso pa anthu onse. Ndinati, atcheya, ine ndilibe mwana pano, ndilibe mlongo. Langa likadzafika, mudzaimitsa makasu? A Mbewe anavula magalasi, anapukuta, anati, "Anachisale, eni maliro anu adzachita kulimbirana, ine ndidzavutika kuweruza. Koma chonde musafulumire, dikirani mvula. Nthaka ya chilimwe ija munatipweteka nayo kale."

Ndiye sindifulumira.

Nkhani yanga ndi imeneyo, ndipo sindinaikambe kuti ithere pa mabenchi pano. Inu okwera minibasi, kaikambeni m'minibasi. Inu a kunyanja, kauzeni aja amagona pansi pa mabwato. Amene mukudziwa munthu wogona pakhonde la sitolo, kapena mayi amene alamu ake amuvulira chipewa, musamuwerengere ngati kalata ya boma, khalani naye pansi mumuuze ndi pakamwa panu. Mumuuze kuti pa sukulu ya Akatolika pali nkhalamba yovuta imene imati ndi m'bale wake. Koma asadikire kuti ndidzamusambitse. Abwere akadali wofunda.